Zokambirana za mu Meyi 2014. Mphunzitsi wa Toronto Maple Leafs, Randy Carlyle, wapatsidwa zaka zina ziwiri, omuthandiza achotsedwa: wolakwa mu Malichi muja anali ndani?

Kamtedza_Scarborough
Abale anga ndithandizeni, mwina mutu wanga ndi umene sukugwira. Pa 13 Malichi 2014 Leafs, timu yathu ya hockey ya pa ayezi mu ligi ya NHL, inapambana 3-2 ku Los Angeles. Tinali ndi mapointi 80 pa masewero 68, tili pa nambala 2 mu gulu lathu la Atlantic, kutatsala masewero 14. Pa 14 amenewo tinapambana awiri okha. Asanu ndi atatu oyambawo tinakwapulidwa motsatizana, osatolako ngakhale kapointi kamodzi ka ovataimu. Tamaliza ndi 84, pamene Detroit ndi Columbus alowa playoffs (ndime yolimbirana chikho) ndi 93. Lero, pa 8 Meyi 2014, a Shanahan, pulezidenti wa timu, ndi a Nonis, manejala, akuti mphunzitsi wamkulu a Randy Carlyle awonjezeredwa zaka ziwiri, koma omuthandiza, Dave Farrish, Scott Gordon ndi Greg Cronin, azipita. Ndiye kuti minibasi ikagwera mu mtsinje timamanga kondakitala, dalaivala n'kumukwezera malipiro?

NaPhiri416
Kondakitala atatu achimwene, osati mmodzi. Ndipo Farrish ndi munthu amene Carlyle anabwera naye yekha kuchokera ku Anaheim.

GoloboyiWakale
Tisathamange. Nkhani ya Malichi ndi ya pagolo. Goloboyi wathu woyamba Jonathan Bernier anavulala m'mphechepeche pa gemu ya ku Los Angeles yomweyo, ndipo kuchokera pamenepo zonse zinasokonekera. Mnyamatayo anamaliza sizoni ndi .923 (kutchinga mashoti 923 pa 1,000 alionse), goloboyi mnzake James Reimer .911. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa pa pepala, koma pa ayezi ndi chigoli chimodzi chowonjezera pa magemu awiri kapena atatu alionse. Onani zigoli za magemu amene tinagonja: 4-2 ku Washington, 3-2 ku Detroit, 5-3 ndi Tampa, 4-3 ndi Montreal, 3-2 ku New Jersey. Atatu mwa asanuwa tinagonja ndi chigoli chimodzi. Bernier akanakhala wabwinobwino, lero tikanakhala tikukamba zina. Mphunzitsi satchinga puck (kachimbale kamene kamakhala ngati mpira mu hockey).

ManambalaSanama
A GoloboyiWakale, masamu anuwo ndi oona, koma mwawasiyira panjira. Tiyeni tiwamalize.

Leafs yaomberedwa pagolo ka 35.9 pa gemu iliyonse sizoni ino. Palibe timu ina mu ligi yonse imene yaomberedwa chonchi, ngakhale Buffalo imene yathera pansi penipeni. Ife timaombera ka 28 basi. Tsono tengani mashoti 36. Goloboyi wa .923 amalowetsa zigoli pafupifupi 2.8 pa gemu. Wa .911 amalowetsa 3.2. Koma Reimer yemweyo, ndi .911 yakeyo, mutamuika kumbuyo kwa timu imene imalola mashoti 28, angalowetse 2.5 zokha. Mwaona? Reimer wa timu yadongosolo amaposa Bernier wa timu ya Carlyle.

Ndipo .911 si manambala a goloboyi wobooka, ali pafupi ndi avereji ya ligi. Vuto ndi loti timuyi inakonzedwa mwanjira yoti imafuna goloboyi wochita zozizwitsa usiku uliwonse kuti ingopeza pointi. Atachoka wozizwitsayo n'kubwera wabwino wamba, ngongole yonse inabwera tsiku limodzi.

Komanso musaiwale kuti Bernier anabwerera pa 25 Malichi. St. Louis inatiombera ka 49 n'kutigonjetsa 5-3. Ku Philadelphia 4-2, ndi Detroit kunyumba 4-2. Magemu atatu omaliza pa asanu ndi atatu aja pagolo panali Bernier.

GoloboyiWakale
Anabwerera asanachire. Aliyense amene ankaonera ankaona kuti akuchedwa kusuntha kuchoka pa mtengo wina kupita wina. Goloboyi wa butterfly (wotchinga atagwada, miyendo ataitambasulira m'mbali) amakankha ndi mkati mwa ntchafu, ndiye kuvulala pamenepo ndi kuvulala injini.

NaPhiri416
Nanga anamuthamangitsira kubwerera ndani? Si chifukwa choti mphunzitsi anali atamunyoza kale Reimer pamaso pa atolankhani?

Mjomba_wa_Hamilton
Apa mayi mwakhudza pamene ine pamandiwawa. Ku Los Angeles, Reimer analowa m'malo mwa Bernier, anagundidwa m'mutu, anapitiriza, anatchinga mashoti onse 31 n'kutipatsa mapointi awiri. Patapita masiku asanu, titagonja 3-2 ku Detroit, a Carlyle akufunsidwa za iye akungoti anasewera "bwinoko chabe". Mawu otero mphunzitsi amayankhula mu ofesi, chitseko chotseka. Suyankhula pa kamera pamene ulibe goloboyi wina woti udalire, mawa lake uli ndi gemu ina. Mawa lakelo Stamkos wa Tampa anamwetsa zitatu. Ku New Jersey anamutulutsa gemu ili mkati n'kulowetsa Drew MacIntyre wa ku Marlies, timu yathu yachiwiri ya mu ligi yaing'ono. Tsopano Reimer kontrakiti yake yatha, mukuganiza kuti akufuna kubwereranso pansi pa munthu yemweyo?

Kalulu_pa_Ayezi
Pepani akuluakulu, ine hockey ndinayamba kuitsatira posachedwa. Mukamati "dongosolo la Carlyle" limatiombetsa, mukutanthauza chiyani kwenikweni? Ndimangoona anyamata athu atapanikizidwa kwawo mphindi yonse.

ManambalaSanama
Funso labwino achimwene. Ndifotokoza pang'onopang'ono.

Adani akaponya puck pakona ya kwathu, matimu ambiri amatumiza difenda mmodzi kukalimbana nayo, senta n'kumuthandiza, difenda winayo n'kuima kutsogolo kwa golo. Mawinga awiri amakhala chakumtunda, aliyense akuyang'anira difenda wa adani amene waima pa mzere wa buluu. Leafs imachita zimene amati swarm: anthu atatu, nthawi zina anayi, amakhamukira kukona ngati njuchi, kuti achuluke kuposa adani n'kulanda puck msanga. Mawinga amatsika mpaka kumunsi kwa madontho a faceoff (pamene refa amagwetsera puck poyambitsanso masewero).

Zikayenda, zimakongola. Zikapanda kuyenda, mdani amangoikankhira puck m'mbali mwa khoma kupita kumtunda, kumene difenda wawo ali yekhayekha. Ali ndi nthawi yoikhazika, kudzutsa mutu, kusankha. Winga wathu akuthamanga kuchokera kukona, mochedwa. Shoti ikubwera kudutsa m'miyendo ya anthu asanu ndi mmodzi, goloboyi sakuiona. Akaitchinga imagwera kutsogolo, n'kuyambiranso.

Gawo lachiwiri ndi loipa kwambiri. Tiyerekeze kuti taitenga puck kukonako. Ipite kwa ndani? Onse ali pamalo amodzi, palibe wopatsira. Ndiye difenda amangoimenyetsa pagalasi kuti ituluke. Kessel kapena van Riemsdyk akaipeza, ndi chigoli, ndipo tamwetsa zambiri motero. Akapanda kuipeza, madifenda a adani amaitola pakati pa bwalo, masekondi asanu abwerera. Wosewera amayenera kukhala pa ayezi masekondi 40 mpaka 45 n'kusinthana. Athu amagwidwa masekondi 80, 90, miyendo italema. Akaitaya kutali n'kukhala icing, lamulo sililola timu yochita icing kusintha osewera, ndiye otopa omwewo amaimanso pa faceoff kutsogolo kwa golo lawo. Mu piriyodi yachiwiri, pamene benchi ili kutali ndi golo lathu, zimanyanya.

Zotsatira zake ndi Corsi ya pafupifupi 43 peresenti pamene matimu ali asanu kwa asanu. Corsi ndi kuwerenga kuombera konse kolunjika kugolo, kuphatikiza zophonya ndi zotchingidwa ndi osewera. Pa 100 iliyonse, ife 43, adani 57.

Kalulu_pa_Ayezi
Zikomo, tsopano ndamva. Ndiye kuti tinkakhala m'nyumba yodontha, goloboyi ndiye anali ndowa.

Chigumula_77
Inu a Manambala, Corsi yanuyo ikanakhala Uthenga Wabwino, Colorado sikanapeza mapointi 112. Nawonso amaomberedwa koopsa, koma mphunzitsi wawo Patrick Roy watenga gulu la Central, kupitirira St. Louis ndi Chicago. Shoti ndi shoti sizifanana. Kuombera kuchokera pa mzere wa buluu goloboyi akuona bwinobwino n'kumupatsa masewera olimbitsa thupi. A Carlyle akhala akunena kuti cholinga ndi kuteteza pakati, adani aziombera kunja.

ManambalaSanama
Colorado inali ndi goloboyi Varlamov wa .927, n'chimodzimodzi Bernier wathu, kungoti wawoyo sanavulale. Ndipo ali kuti lero? Minnesota yawatulutsa mu ndime yoyamba, gemu ya nambala 7. Za kuteteza pakatizo, tikanakhala kuti tikutetezadi, sitikanalowetsedwa zigoli zoposa 250.

Wakwathu_Leeds
Ine ndikuwerenga ndikuseka ndi misozi, chifukwa mukufotokoza Liverpool. Lolemba lapitali kutsogola 3-0 pa Crystal Palace n'kuthera 3-3, sabata imodzi chiterereni Gerrard. Kutsogolo moto, kumbuyo chitseko chosatseka. Kusiyana kwake n'koti Manchester United sinadikire, Moyes anapita sizoni isanathe n'komwe.

NaPhiri416
Musatikumbutse za kutsogola ndi zigoli zitatu. Pa 13 Meyi chaka chatha ku Boston tinali 4-1 kutatsala mphindi zosakwana 11. Bergeron wa Boston anafananitsa, Bergeron yemweyo anatimaliza. Sabata yamawa chikwana chaka.

Dzuwa_Lalowa
Mzinda uno wa Toronto unalodzedwa basi. Ngakhale Raptors, timu yathu ya basketball, Lamulungu lija inagonja ndi pointi imodzi, 104-103, Pierce wa adani kutchinga mpira wa Lowry wathu pa sekondi yomaliza.

Mjomba_wa_Hamilton
Raptors musaiike m'gulu limeneli. Aja aposa zimene aliyense ankayembekeza, atagulitsa Rudy Gay mu Disembala anthu ankati ataya sizoni. Anagonja akumenya nkhondo.

Kamtedza_Scarborough
Tabwererani ku ayezi abale. Funso langa silinayankhidwe. Ngati dongosolo ndi la mphunzitsi wamkulu, kuchotsa omuthandiza kukonza chiyani?

MkuluWaBenchi
Ndiloleni ndiikeko mbali imene simunaikhudze, chifukwa kumuunjikira Carlyle zonse n'kuwamasula a Nonis.

Chilimwe chatha Leafs inali ndi mwayi wa ma buyout awiri (kulipira wosewera kuti kontrakiti yake ithe) osawerengedwa pa salary cap (malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera). Inawagwiritsa ntchito pa Komisarek ndi Mikhail Grabovski. Wa Komisarek palibe wotsutsa. Koma Grabovski anali senta amene ankatha kunyamula puck kuchoka kwathu kukafika kwa adani ili pa ndodo. Clarke MacArthur anamusiya apite ulere ku Ottawa, wakamwetsa 24. Ndalamazo zinapita kuti? David Clarkson, zaka 7, $5.25 miliyoni pachaka. Anayamba ndi chiletso cha magemu 10 chifukwa chodumpha pa benchi kukalowerera ndewu pa gemu yokonzekera ndi Buffalo, ndipo wamaliza ndi zigoli 5, mapointi 11 pa magemu 60. Kontrakitiyo yadzaza ndi ma signing bonus, ndipo buyout sikhudza bonasi, ndiye ngakhale mutamugula kuti achoke mupulumutsa zochepa kwambiri. Dave Bolland anadulidwa mtsempha wa pa akakolo ndi skate ku Vancouver pa 2 Novembala, anabwerera pa 22 Malichi. Miyezi pafupifupi isanu timu ikuyenda ndi masenta obwereka, mpaka van Riemsdyk amene ndi winga anaseweretsedwako pakati pamene Bozak nayenso anavulala.

Kumbuyo, Phaneuf akusewera mphindi zoposa 23 ndi osewera oopsa a timu iliyonse, kawirikawiri kuyambira faceoff ya kwathu. Pofika Malichi anali atatheratu. Gleason amene tinasinthana ndi Liles pa 1 Januwale ndi wolimba thupi koma si wopatsira. Rielly ndi mwana wa zaka 20. Mphunzitsi aliyense angavutike ndi gulu limeneli.

NaPhiri416
Bambo, mukulankhula ngati Carlyle anangopeza ndiwo zitaphikidwa kale. Grabovski anachoka chifukwa chiyani? Chifukwa mu 2013 Carlyle anamusandutsa wotchinga, mapointi anatsika, kenako akuluakulu n'kumati saoneka phindu. Iye mwini pochoka anamudzudzula mphunzitsiyo poyera. MacArthur anamukhazika pa benchi mu playoffs. Clarkson ndi Bolland ndi mtundu wa osewera amene Carlyle amawakonda. Timuyi anaisoka pa muyeso wa thupi lake.

MkuluWaBenchi
Zoona mayi, koma wosaina cheke ndi manejala. Mphunzitsi aliyense amapempha, ntchito ya manejala ndi kudziwa pokana.

Mjomba_wa_Hamilton
Chimene palibe angamuchotsere Carlyle ndi mzere wachinayi, womaliza pa magulu anayi a osewera akutsogolo amene amasinthana pa ayezi. Colton Orr wasewera magemu 54, chigoli ziro, asisiti ziro. Frazer McLaren chimodzimodzi, palibe pointi. Ukaveka yunifomu anthu awiri amene ntchito yawo ndi nkhonya, sungawapatse mphindi zoposa zisanu kapena zisanu ndi imodzi, ndipo gemu ikakhala yothina mu piriyodi yachitatu samalowa n'komwe. Mphindi 60 zija zimagawidwa kwa mizere itatu. Kessel ndi van Riemsdyk amapitirira mphindi 20 pa gemu, anapita ku Olympics ya ku Sochi kukasewerera America magemu ena asanu ndi imodzi pamene anzawo akupuma, n'kubwerera kudzasenza katundu yemweyo. Kessel wamaliza ndi zigoli 37 ndi mapointi 80, palibe womunena, koma m'masabata omaliza mzere woyamba unazima, ndipo panalibe wina woyatsa. Yang'anani Boston: Paille, Campbell ndi Thornton amasewera hockey yeniyeni, amapumitsa Bergeron ndi Krejci. Jay McClement yekha kwathu amathera mphamvu pa penalty kill (kuteteza golo pamene mnzanu watulutsidwa kwa kanthawi chifukwa cha chilango).

Chigumula_77
Penalty kill imeneyo ndiye chifukwa chake omuthandiza achotsedwa. Mu 2013 inali nambala 2 mu ligi, pafupifupi 88 peresenti. Chaka chino nambala 28, cha m'ma 78. Mbali zimenezo amayendetsa ndi othandiza. Ndiye musanene kuti alibe mlandu.

ManambalaSanama
Anthu omwewo, osewera pafupifupi omwewo, chaka china nambala 2, chaka china 28. Sizoni ya 2013 inali ya magemu 48 okha chifukwa cha lockout (mkangano wa eni matimu ndi osewera umene unachedwetsa sizoni), ndipo pa magemu ochepa mwayi umabisa zambiri. Chaka chimenecho 11.5 peresenti ya mashoti athu inkalowa, kuposa timu iliyonse, ndipo tinkaomberedwa kale kuposa mmene tinkaombera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chaka chino nyererezo zinabisidwa ndi shootout (mapenate a hockey): pa magemu 38 amene tapambana, 9 ndi a shootout, kuphatikizapo Winter Classic ija ya ku Ann Arbor pamaso pa anthu 105,491. Opambana mu nthawi yake kapena ovataimu ndi 29 okha. Ngakhale 11-2-1 ija (kupambana 11, kugonja 2, kugonja 1 pa nthawi yowonjezera) tisanapite ku Olympics, imene inatipusitsa tonse, magemu ambiri tinkapambana tikuomberedwa kuposa adani.

N'chifukwa chake ine mawu oti timu inagwa mu Malichi sindimagwirizana nawo kwenikweni. Inkasewera chimodzimodzi kuyambira Okutobala.

Dzuwa_Lalowa
Koma Carlyle ali ndi Stanley Cup, chikho cha NHL. Alipo angati pamsika amene ali nayo?

NaPhiri416
Ya 2007, ali ndi Niedermayer ndi Pronger kumbuyo, Giguère pagolo. Ndi awiri amenewo ngakhale inu a Dzuwa mukanaoneka anzeru. Anaheim inamuchotsa kumapeto kwa Novembala 2011, ndipo pansi pa Boudreau yapeza mapointi 116 chaka chino. Pamsika panali Laviolette, nayenso ali ndi chikho cha 2006 ndi Carolina, Nashville yamutenga Lachiwiri lomweli. Barry Trotz akadali pa ulova. Trotz wakhala zaka 15 akufinya playoffs kuchokera ku timu yopanda ndalama.

MkuluWaBenchi
Za zaka ziwirizo musazitenge ngati ukwati wa mu tchalitchi. Malipiro a mphunzitsi sawerengedwa pa salary cap, ndipo kwa MLSE, kampani ya eni timu, ndi ndalama ya nsomba. Kumbukani mphunzitsi wathu wakale Ron Wilson: anawonjezeredwa kontrakiti pa Khirisimasi ya 2011, timu inachita 1-9-1 kuyambira mu Febuluwale, anthu anaimba kuti achoke mu Air Canada Centre, pa 2 Malichi 2012 Burke, manejala wa nthawi imeneyo, anamuchotsa n'kubweretsa Carlyle yemweyu. Miyezi iwiri ndi sabata imodzi.

Mmene ndikuonera, Shanahan wangofika pa 11 Epulo, sanakwanitse mwezi. Carlyle anali ndi chaka chimodzi chotsala, ndipo mphunzitsi wa chaka chomaliza osewera samumvera, amadziwa kuti akupita. Ndiye amupatsa pepala loti aziopedwa nalo m'chipinda chovalira, koma amuchotsera anthu ake. Othandiza atsopano akadzasankhidwa ndi ofesi osati ndi iye, dziwani kuti mmodzi mwa iwo ndi woti adzagwirizire mpando zinthu zikadzavuta.

Kamtedza_Scarborough
Ngati ndi choncho, ndiye kuti tikutaya theka la sizoni kuti titsimikize zimene tikudziwa kale. Kessel kontrakiti yake ya zaka 8 ikuyamba chaka chino, ali ndi zaka 26. Zaka zabwino za wosewera ngati ameneyu sizidikira ofesi.

GoloboyiWakale
Ine ndikadali pomwepo kuti Bernier wamoyo akanatipezera mapointi okwanira. Tinkafunika 14 pa 28, theka lokha. Koma ndivomereza chinthu chimodzi kwa a Manambala: goloboyi amene akuomberedwa ka 36 usiku uliwonse, akugwada ndi kudzuka kambirimbiri chifukwa puck sikuchoka kwawo, thupi lake silifika Epulo. Bernier anali asanasewerepo magemu oposa 25 pa sizoni mu NHL, chaka chino 55. Mphechepeche mu Malichi, bondo pa 3 Epulo ndi Boston. Mwina kuvulalako nako ndi mwana wa dongosolo lomweli.

Kalulu_pa_Ayezi
Nanga pofika Okutobala tiziyang'ana chiyani kuti tidziwe ngati asinthadi?

ManambalaSanama
Osayang'ana tebulo la mapointi mwezi woyamba, linatinamiza kale. Puck ikapita pakona ya kwathu, werengani majuzi a buluu amene ali kumunsi kwa madontho. Akakhala anayi, palibe chasintha. Kenako onani difenda akaitenga: kodi senta akubwera pafupi, motsika, kudzalandira pasi yaifupi, kapena puck ikupitanso pagalasi? Gardiner ndi Rielly amatha kutuluka nayo okha, funso ndi loti aloledwa kapena akalakwitsa kamodzi akhazikidwa pa benchi. Ndipo onani mphindi za mzere wachinayi pa pepala la gemu. Zikafika 9 kapena 10, ndiye kuti muli osewera enieni. Pakatha magemu 20, mashoti a adani akhale atatsika kufika cha m'ma 30 kapena 31.

Mjomba_wa_Hamilton
Izo zidalira amene atsale. Bolland, Kulemin, Raymond ndi McClement onse makontrakiti atha, pa 1 Julayi ali omasuka. Gardiner, Franson ndi Reimer akufunika atsopano. Raymond watipatsa zigoli 19 pa $1 miliyoni, mtengo umenewo sadzavomeranso. Ndikuopa kuti apereka ndalama zambiri kwa Bolland chifukwa cha magemu 15 abwino oyamba a sizoni, n'kugulitsa Gardiner chifukwa sagwirizana ndi mphunzitsi.

NaPhiri416
Akagulitsa Gardiner n'kusunga Orr, mundipeza ku Ricoh Coliseum ndikuonera Marlies. Matikiti ake ndi otchipa, ndipo iwowo akadali mu playoffs.

Chigumula_77
Pa draft (pamene matimu amasankha osewera achinyamata motsatana) tili pa nambala 8. Winawake amene amatsatira za achinyamata atiuze ngati pamenepo pangatsale senta.